Ndalama ya mjigo uja inalembedwa pati?

Dzulo ndagona cha m'ma 12 usiku, ndimatayipa manambala kuchokera pa zithunzi zomwe mnzathu wa ku Bangula anatumiza pa WhatsApp. Ndi mapepala a mndandanda wa mapulojekiti a chitukuko omata pabolodi, ena dzuwa linawawotcha mpaka inki kuyererako, ena mphepo inang'amba pakona penipeni pomwe pali chiwerengero chonse, ndiye umachita kukulitsa chithunzi ndi zala nkumayang'anitsitsa kuti kodi ameneyu ndi 3 kapena 8. Amene mumakhala kuno ku Chigwa cha Shire mukudziwa mmene October amakhalira, usiku kutentha ngati masana, m'nyumba osakhalika, ndiye ndinayala mkeka panja laputopu pampando. Mayi akunyumba anatuluka kudzamwa madzi nkundipeza ndikadali pompo, akuti "abambo, koma zimenezi amakulipirani ndani?" Si iwo okha amene amafunsa, makasitomala amafunsa, akutchalitchi amafunsa, olo achimwene anga enieni anandifunsapo pamaliro ena ku Ngabu. Ndiye lero ndati ndilembe bwinobwino.

Palibe amatilipira. Tilipo anthu asanu ndi atatu pakadali pano, nthawi zina timakwana khumi nthawi zina timatsala asanu. Ine ntchito yondidyetsa ndi kashopu ka fotokope ndi kupulinta pa Nchalo pano. Pali aphunzitsi awiri, pali mayi wina namwino wopuma, pali mnyamata wa kabaza ya njinga yamoto amene amadziwa kamsewu kalikonse kuyambira ku Thabwa mpaka ku Fatima, pali wina wa Airtel Money ndi Mpamba, pali mnzathu wa ku Bangula uja, ndiye pali mchemwali wathu amene anaphunzira za makompyuta ku Blantyre, ameneyo ndi amene amalemba code yonse, malangizo oyendetsera mapulogalamu athu a pakompyuta, ife ena timangomuuza zomwe tikufuna nkumamuvutitsa usiku. Chomwe timachita ndi chimodzi. Timatolera zomwe zalembedwa kuti zichitika ndi ndalama za anthu m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, timaziika pamodzi pa intaneti m'mawu oti munthu wamba amve, kenako timapita kukaona ndi maso ngati chinthucho chilipodi pansi.

Zinayambira pa mayi wina wachikulire amene anabwera kushopu mu 2022. Chaka chimenecho simungachiiwale, January kunabwera Ana, madzi anasesa minda ndi nyumba, msewu wa M1 unaduka m'malo angapo, ku Kapichira makina a magetsi anaima ndipo dziko lonse linakhala likuvutika ndi kuzimazima kwa magetsi kupitirira chaka, tisanapume March wa 2022 yemweyo kunabweranso Gombe. Mijigo yambiri inakwiririka ndi matope, ina madzi ake anaipa. Mayiwa anabwera ndi kalata yolemba pamanja ya komiti ya m'mudzi mwawo, amafuna makope atatu. Ndikupanga fotokope muja anayamba kundifotokozera kuti kwawo amatunga madzi kumtsinje komwe kuli ng'ona, ndipo anthu akuti ndalama ya mjigo inatuluka kalekale koma inadyedwa, ena akuloza a nyakwawa, ena akuloza wapampando wa VDC (komiti ya chitukuko cha m'mudzi), mudzi wagawikana anthu sakupatsana moni. Kenako anandiyang'ana nkunena kuti "mwana wanga, iwe uli ndi makina awa, tandiuza, ndalama ya mjigo uja inalembedwa pati?"

Ndinasowa choyankha. Ndinawalonjeza kuti ndifufuza, usiku umenewo ndinagula bandulo nkuyamba kusaka. Zomwe ndinapeza ndi mabuku a bajeti ya dziko, PDF ya masamba mazanamazana, Chingerezi chokhachokha cha anthu a akaunti, ukaitsegula pafoni foni imaima kaye. Muli mizere ya ndalama zopita ku makhonsolo inde, koma dzina la mudzi wa mayi aja simungalipeze, olo la T/A wawo. Apa mpamene ndinaona kuti pakati pa buku la bajeti la ku Lilongwe ndi mtsuko wa mayi wa ku Chigwa pali dzenje lalikulu, ndipo mudzenje mmenemo ndi momwe mumamera mphekesera, kunamizirana, ndi kuba komwe kukakhalapo.

Mnzanga mphunzitsi ndi amene anandiuza za lamulo. Ambiri sitidziwa, koma Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 37, amati munthu ali ndi ufulu wopeza nkhani zomwe boma likusunga. Lamulo lofotokoza mmene ufulu umenewu ugwirire ntchito, Access to Information Act, aphungu analivomereza mu December 2016, Pulezidenti Peter Mutharika anasaina kumayambiriro a 2017, koma linakhala kaye osagwira ntchito mpaka pa 30 September 2020. Limati ofesi ya boma ikhale ndi munthu woona zopereka nkhani kwa anthu, ukapempha akuyankhe pasanathe masiku 15 ogwira ntchito, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission ndi lomwe linapatsidwa udindo woyang'anira kuti lamuloli likutsatidwa. Ndinaliwerenga kawiri, kenako ndinalipulinta lonse pa makina anga, mpaka lero kope imeneyo ili mudilowa ya kushopu, yada ndi manja a anthu.

Ndiye chida choyamba chomwe tinapanga chinali chophweka kwambiri, kafomu ka pafoni kolembera kalata yopempha nkhani. Umasankha ofesi, umalemba chomwe ukufuna kudziwa m'Chichewa, iko kamakukonzera kalata yooneka bwino yotchula lamulolo, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ukapulinta nkukapereka. Ukapereka umalowetsa tsiku, ndiye kamayamba kuwerenga masiku aja, kudumpha Loweruka, Lamulungu ndi maholide. Chinthu chimodzi chomwe tinaphunzira msanga, ndipo aliyense amene akuwerenga pano achigwire, pitani ndi makope awiri, imodzi asiye imodzi akudindireni sitampa ya tsiku mubwere nayo. Popanda sitampa kalata yanu ili ngati simunapereke. Tinataya miyezi iwiri pa kalata ina chifukwa mnzathu anangoisiya pa desiki kwa munthu amene anati "siyani pompo ndiwapatsa".

Mayankho ake amakhala osiyanasiyana ndipo sinditchula maofesi, si cholinga changa. Pali ofesi ina yomwe anatiuza kuti bwana ali ku semina, sabata yotsatira ali ku semina ina, mpaka masiku anatha. Pali ina anatifunsa kuti "mwatumidwa ndi ndani?" ngati kuti munthu wa ku Chigwa sangafune kudziwa yekha. Koma ndinene zoona, palinso maofesala amene anatilandira bwino, wina mpaka anatikhazika pansi nkutiphunzitsa kuwerenga lipoti la ndalama la miyezi itatu iliyonse, kuti mzere uwu ndi zomwe zinavomerezedwa, uwu ndi zomwe zinafikadi kuchokera ku Treasury, komwe kumasungidwa chuma cha boma, uwu ndi zomwe zagwiritsidwa ntchito, ndipo manambala atatuwa kawirikawiri safanana. Bambo ameneyo anati iye amatopa kutukwanidwa pa ndalama yomwe sinafike nkomwe, bola anthu aziona okha. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuganiza kuti aliyense wokhala kuseri kwa desiki ndi mdani.

Kenako tinapanga webusaiti. Eee tinaikonda webusaiti imeneyo. Mchemwali wathu anagwira miyezi itatu, mapu a OpenStreetMap, kadontho kalikonse ndi pulojekiti, ukadina kakuonetsa dzina, thumba lomwe ndalama yachokera, kontilakitala, tsiku loyamba ndi lomaliza, ndi chithunzi chomwe tajambula ife. Zithunzi timatolera ndi pulogalamu ya pafoni ya KoboToolbox chifukwa imagwira olo kulibe netiweki, imasunga malo pomwe wajambulira, ukafika pomwe pali netiweki nkutumiza. Tinaika linki pa Facebook tili ndi chimwemwe. Patatha mwezi tinayang'ana amene akutsegula, ambiri anali a ku Blantyre, Lilongwe, ena Johannesburg, ana a kuno amene ali kutali ndi atolankhani angapo. Anthu enieni amene tinawapangira, a ku Makhanga, a kwa Tengani, a kwa Chapananga, kunalibe. Zinandipweteka ndithu koma chifukwa chake chinali poyera, munthu amene ali ndi kafoni ka mabatani, kapena ali ndi foni yabwino koma bandulo yake ndi ya WhatsApp yokha, amatchajitsa pa sola ya kugolosale, angatsegule bwanji mapu olemera chonchija? Ndipo olo atsegule, agogo amene amalankhula Chisena kapena Chimang'anja chakumudzi, sukulu analekera sitandade 2, tebulo la manambala liwauza chani?

Apa mpamene ntchito yathu inatembenuka, ndipo ndi chimene ndimafuna kwambiri kuuza anzathu a m'maboma ena amene amatifunsa kuti tiyambe bwanji. Webusaiti ilipobe, ndi nkhokwe yathu, zonse zimasungidwa mmenemo. Koma chimanga cha munkhokwe sichidyedwa chili momwemo, chimafuna kupita kuchigayo. Tsopano pulojekiti iliyonse tikaitsimikiza timapanga zinthu ziwiri. Choyamba voice note ya mphindi imodzi, osapitirira, m'Chichewa ndi m'Chisena, mayi namwino aja ndi amene amalankhula ya Chisena chifukwa mawu awo anthu amawakhulupirira, amangonena kuti m'dera lakuti munalembedwa chakuti, kobiri zake ndi zakuti, zimayenera kutha mwezi wakuti, ife tapita tapeza chakuti. Imeneyo imayenda yokha m'magulupu a mpingo, a mpira, a banki m'khonde, mpaka imabwereranso kwa ife kuchokera kwa anthu osawadziwa. Chachiwiri pepala limodzi la zilembo zikuluzikulu, ndimapulinta kushopu, wa kabaza uja amakamata pachigayo, pa tiyirumu, pamtengo wa mlambe pomwe pamachitikira misonkhano, titapempha kaye kwa a mfumu. Osamata chinthu m'mudzi mwa eni a mfumu asakudziwa, chimenecho ndi mwano ndipo pepalalo silifika madzulo.

Tsiku lina ndinakhala nawo pamsonkhano wa ADC (komiti ya chitukuko cha dera lonse, yoposa VDC) monga mlendo chabe, ndinaona bambo wina wa thonje akutulutsa pepala lathu m'thumba la malaya, lopindapinda, nkuimirira nkunena mwaulemu kuti "a wapampando, pepani, apa palembedwa kuti buloko ya sukulu ija ndi ya zipinda ziwiri ndi zimbudzi, ife tikuona zipinda ziwiri, zimbudzi zili kuti?" Sanakalipe, sanatukwane munthu. Anangofunsa ali ndi pepala m'manja, ndipo anayankhidwa ngati munthu wodziwa chomwe akunena. Ine ndinakhala kumbuyo mtima ukugunda.

Koma ndikuuzeninso za tsiku lomwe tinalakwitsa, chifukwa limandikhalabe pamtima. Ndinali ine ndemwe. Ndimatayipa usiku ngati dzulo lomweli, ndatopa, pa ndalama ya kukonza kamlatho kena ndinaonjezera ziro mmodzi. Ziro mmodzi yekha, ndalama nkukula kakhumi. Voice note inatuluka, m'mawa mwake anthu anali atakwiya kale kuti kamlatho kameneka kangadye ndalama zonsezo, ndipo amene anagwira ntchitoyo ndi munthu wa m'dera momwemo, ana ake amaphunzira ndi ana a anthu omwewo. Anandiimbira foni, sanakalipe, anangoti "achimwene, mwandipha." Ndinayang'ananso chithunzi cha pepala lija ndipo thupi lonse linazizira. Tinatulutsa voice note ina yopepesa tsiku lomwelo, ine ndi mawu anga, ndinakwera kabaza kupita kwawo kukapepesa pamaso pa a nyakwawa ndi akuluakulu, koma mukudziwa mmene zimakhalira, uthenga woipa unafika kutali kuposa wokonza. Mpaka pano pali anthu amene amakhulupirira nambala yoyamba ija. Kuyambira pamenepo tinaika lamulo, nambala iliyonse imatayipidwa ndi anthu awiri osaonerana, kompyuta imafananitsa, zikasiyana imakana kutulutsa. Ndipo palibe chotuluka popanda chithunzi cha pepala lomwe nambalayo yachokera, kuti aliyense wokayika adzionere yekha. Zimachedwetsa ntchito inde, nthawi zina sabata yathunthu kudikira wachiwiri apeze bandulo, koma sitibwereranso mmbuyo pamenepa.

Anthu amaganiza kuti chovuta ndi code. Ayi, chovuta ndi tinthu ting'onoting'ono. Mudzi umodzi umalembedwa mitundu itatu, pepala lina Nyathando lina Nyatando lina angolemba dzina la gulupu, ndiye uzidziwa wekha kuti ndi malo amodzi kapena ayi, apa ndi pomwe wa kabaza uja amaposa kompyuta. Chaka cha ndalama cha boma chinasintha, kale chimayamba July, kuyambira 2022 chimayamba pa 1 April nkutha pa 31 March, ndipo bajeti ya 2021/22 inali ya miyezi isanu ndi inayi yokha, ndiye ukafananitsa zaka osadziwa zimenezi unamiza anthu kuti ndalama inachepa kapena inakwera. Matumba nawo ndi ambiri, pali CDF ya dera la phungu, pali District Development Fund, pali ndalama za GESD zochokera ku World Bank zomwe khonsolo imalandira malinga ndi mmene yakhozera, pali za mabungwe zomwe sizidutsa nkomwe mu akaunti ya khonsolo, koma kumudzi zonsezi anthu amangoti "za boma" kapena "za a MP". CDF yokhayo inachoka pa K40 miliyoni kufika K100 miliyoni pa dera lililonse mu 2022, kenako K200 miliyoni mu 2024. Ndalama ikamakula chonchi maso oyang'ana akuyeneranso kuchuluka, apo ayi tidzangomva mbiri. Tonse tikukumbukira Cashgate ya 2013, ndalama zinatuluka kudzera mu kompyuta za boma momwemo, kulipira katundu amene sanaperekedwe. Kompyuta payokha siletsa kuba, imafuna munthu woti aziyang'anamo ndi wina woti apite akaone ngati katunduyo wafika.

Nkhani ya ndale ndiye ina. Kuno ukangofunsa za ndalama ya chitukuko umapatsidwa chipani pompo. Tanenedwapo kuti ndife a chipani ichi, mwezi wotsatira a chipani chinacho, pomwe mapepala ake ndi amodzimodzi. Nthawi ya kampeni kunabwera anthu, mwaulemu ndithu, wina akufuna atigulire laputopu yatsopano ndi pulinta, pongofuna kuti tiyambe ndi mapulojekiti a mnzake amene akupikisana naye. Laputopu timaifuna, yomwe tili nayo batire inafa imagwira ili pamoto basi. Tinakhala pansi pa mtengo kuseri kwa shopu tonse, tinakambirana mpaka dzuwa kulowa, ndipo sindinama, panali ena amene amati tilandire tidzachitabe zathu. Mayi namwino aja ndi amene anamaliza nkhani, anati "ana anga, mukadya za munthu pakamwa pamalemera." Tinakana. Tinagwirizananso kuti wina mwa ife akafuna kuima pa ukhansala kapena kuvala nsalu ya chipani poyera, atule pansi kaye, ndipo mmodzi anachokadi, tinasiyana bwino mpaka lero timapatsana moni. Komanso ife sitilemba kuti wakuti waba. Timalemba zomwe pepala likunena ndi zomwe maso aona, basi. Zofufuza milandu zili ndi eni ake, kuli ACB yolimbana ndi ziphuphu, kuli a Auditor General owunika ndalama za boma, kuli makhoti, munthu akafuna kukadandaula timamulozera njira.

Ndalama zoyendetsera timasonkha tokha mwezi ndi mwezi, amene alibe amabweretsa nthawi yake. Ana a kuno amene ali kunja amatiponyerako nthawi zina ya mafuta a njinga. Chomwe chimatipweteka ndi malo osungira webusaiti chifukwa amalipiritsa m'madola, ndiye kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 tinadzuka bilu itakwera ife osachita kanthu, mapepala ndi inki nazo zinakwera sabata yomweyo. Tinasamutsa zina kupita pa Google Sheets kuti tichepetse. Ndalama zathu zonse, zolowa ndi zotuluka, olo ya mandasi pamsonkhano, timaziika poyera pa webusaiti yomweyo mwezi uliwonse, chifukwa sitingamafunse ena malisiti ife athu tikubisa. Zolembetsa ngati bungwe tikuyenda nazo pang'onopang'ono, pali mafomu ndi ndalama zolipira chaka ndi chaka, ndipo timafunsana ngati tikhoza kuzisenza osayamba kuthamangira ma donor. Sindikunyoza ma donor, kuno pa nthawi ya madzi osefukira athandiza miyoyo yambiri, ndaona ndi maso mu 2015, mu 2019 nthawi ya Idai, ndi mu 2023 Freddy atabwera. Koma ndaonanso timagulu tabwinobwino tikufa tsiku lomwe alawansi yatha, anthu anazolowera kuti msonkhano wopanda envelopu si msonkhano. Ife timafuna chinthu choti olo pasakhale kobiri chiziyendabe, olo mochedwa.

Kutopa kulipo, ndisakunamizeni. Anthu amabwera ndi moto, miyezi itatu akaona kuti ntchito yake ndi kutayipa ndi kuyenda padzuwa kukajambula maziko a chimbudzi, amazimiririka, foni osayankha. Sindiwaimba mlandu, munthu ali ndi dimba lofuna kuthirira, ali ndi ana ofuna fizi, nyengo ya njala ena kuno amafika podya nyika za m'madambo, ungamuuze bwanji kuti asiye ganyu akajambule chikwangwani cha pulojekiti? Mantha anga aakulu ndi mchemwali wa code uja, tsiku lomwe adzapeze ntchito yabwino ku Lilongwe kapena kunja, ndipo ndikumufunira zimenezo ndi mtima wonse, tidzatsala ndi makina omwe palibe wina akuwadziwa mkati. Ndiye chaka chino tayamba kuti Loweruka lililonse aziphunzitsa ana awiri a Fomu 4 amene amabwera kushopu, ndipo chilichonse chomwe wapanga azilemba m'kabuku mmene chimagwirira ntchito, m'Chichewa momwe.

Nthawi zina ndikafika ku Nsanje boma ndimapita kukaima padoko paja. Linatsegulidwa mu October 2010 ndi Pulezidenti Bingu wa Mutharika, kunabwera atsogoleri a mayiko ena, anthu anavina, tinauzidwa kuti sitima zizidzafika kuchokera kunyanja kudzera mu Zambezi ndi Shire. Lero pali simenti ndi zitsulo zomangirira sitima, asodzi ndi ana osewera. Nthawi imeneyo palibe wa ife amene akanadziwa pofunsira kuti mgwirizano ndi dziko la Mozambique uli pati, ndalama zake ndi zingati, zachokera kuti. Pano kukukumbidwa ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, kuchokera ku Kapichira kulowera ku Bangula, yoti idzathirire mahekitala opitirira 43,000, ndi ndalama zochokera ku World Bank, African Development Bank ndi ena. Chimenechi ndi chinthu chachikulu kwambiri chomwe Chigwa chino chaonapo ndipo ine ndikufuna chitheke, ana athu asamadzadalire chimanga cha thandizo chaka ndi chaka pomwe Shire akudutsa pakhomo. Nchifukwa chake tayamba kutolera zikalata zake zomwe zili poyera nkumazimasulira pang'onopang'ono, makamaka za malo, za chipukuta misozi ndi za mmene makopaletivu a alimi aziyendera, chifukwa mafunso amene anthu akutitumizira kwambiri ndi amenewo.

Za mayi a mjigo aja. Yankho linabwera patatha miyezi, titalemba kawiri. Pepala linaonetsa kuti mjigo wa m'mudzi mwawo unalembedwadi pa mndandanda wa zofuna za mudzi, unafika mpaka ku ADC, koma sunalowe pa mapulojekiti omwe anapatsidwa ndalama chaka chimenecho. Ndiye kuti ndalama yomwe anthu amati yadyedwa sinatuluke nkomwe. Tinapita ndi wa kabaza kukawerenga pepalalo pabwalo, mayi namwino akumasulira m'Chisena, a nyakwawa amene ananenedwa zaka ziwiri kuti ndi wakuba anangokhala chete akuyang'ana pansi, kenako anati "takhuta", kutanthauza zikomo m'Chisena, kamodzi kokha. Mayi aja sanasangalale kwenikweni, anati ndiye kuti madzi tizimwabe a ng'ona omwewo, ndipo ananena zoona, pepala silitulutsa madzi. Koma anapempha makope asanu, ndinawapulintira osawalipiritsa, ndipo kuyambira pamenepo msonkhano wa VDC saphonya, amakhala kutsogolo ndi pepala lawo mu pulasitiki ya shuga kuti lisanyowe.

Mjigowo mpaka lero sunakumbidwe. Pa mapepala amene ndimatayipa dzulo aja, tsamba lachisanu ndi chimodzi, dzina la mudzi wawo lilipo pa mndandanda wa chaka chino, koma ndi pomwe mphepo inang'amba pakona, nambala yake sikuoneka yonse. Ndamutumizira uthenga mnzathu wa ku Bangula kuti mawa apitenso akapemphe kope yabwino kuofesi, apite ndi kalata ziwiri, imodzi amudindire. Mayi aja sindinawaimbire kaye, ndidikira mpaka anthu awiri titayipe nambalayo ndipo ifanane.